Mabanja Owomba Nsalu a Kumidzi ya ku Scotland: Mafunso ndi Mayankho

Ambirife tikamva za Scotland ndi nsalu timakumbukira David Livingstone, mwana wa zaka 10 amene ankalumikiza ulusi woduka mufakitale ya thonje ku Blantyre, m'mbali mwa mtsinje wa Clyde. Koma m'masiku ake fakitale inkangopota ulusi kwenikweni. Nsalu zambiri zinkawombedwa pamanja, m'nyumba za anthu, m'midzi yomwazikana kuyambira ku Ayrshire mpaka ku Angus. Mabanja amenewo ndiwo ndikufuna tiwadziwe, ndipo mafunso ali m'munsiwa ndi amene amabwera kawirikawiri nkhaniyi ikayambika.

Kodi tikunena za anthu ati, ndipo anakhalako liti?

Tikunena za mabanja amene ankapeza chakudya kudzera mu choombera nsalu cha matabwa, choyendetsa ndi manja ndi mapazi, makamaka kuyambira cha m'ma 1720 mpaka cha m'ma 1860. Poyamba nsalu yawo inali ya bafuta, yochokera ku chomera cha fulakesi, komanso ya ubweya wa nkhosa. Thonje linadzalowa mwamphamvu cha m'ma 1780. Midzi ngati Kilbarchan, Fenwick, Strathaven, Stonehouse, Darvel ndi Newmilns chakumadzulo, kapena Kirriemuir, Auchtermuchty ndi Auchterarder chakummawa, inali yoti ukamadutsa mumsewu umamva kugogoda kwa zoombera pafupifupi khomo lililonse. Ku Kilbarchan kokha kunali zoombera pafupifupi 800 cha m'ma 1830. M'dziko lonse owomba pamanja anafika poposa 80,000 cha m'ma 1840, kenako chiwerengerocho chinagwa msangamsanga.

Nyumba yawo inali yotani?

Inali yamiyala, yaifupi, yofolera ndi udzu, ndipo kawirikawiri ya zipinda ziwiri. China chinali cha banja lonse: mophikira, modyera, mogona. Mabedi ake anali ngati makabati omatidwa kukhoma, ena okhala ndi zitseko zotseka usiku kuti chisanu chisalowe, ndipo ana ankagona atatu kapena anayi pabedi limodzi. Moto unali wa malasha, kapena wa dothi lakuda la m'madambo limene ankalidula zidutswazidutswa n'kuliyanika.

Chipinda chinacho ndicho chinali cha ntchito, ndipo chinali chachilendo. Pansi pake sankayikapo matabwa kapena miyala. Ankasiya dothi dala, chifukwa ulusi ukauma umaduka, ndiye chinyezi chochokera pansi chinkaufewetsa. Kunsi kwa choombera ankakumbako kadzenje kuti timatabwa topondapo tizitsika bwino. Choncho munthu ankakhala tsiku lonse mapazi ali m'dzenje lachinyezi, chifuwa chitatsamira thabwa lopingasa la choomberacho. Nzosadabwitsa kuti matenda a chifuwa ndi nyamakazi ankawakonda. Choombera ankachiyika pafupi ndi zenera, ndipo m'nyengo yachisanu, pamene dzuwa limalowa isanakwane 4 koloko masana, ankadalira kanyale kachitsulo ka mafuta a nsomba, kofuka utsi ngati koloboyi.

Ankawomba ndi bambo okha?

Apa mpamene pagona nkhani yonse. Dzina lolembedwa m'buku la wamalonda linali la bambo, ndalama ankalandira ndi bambo, koma nsaluyo inkatuluka m'manja mwa aliyense wa m'nyumbamo.

Tiyeni tilowe m'nyumba imodzi mbandakucha. Mayi adzuka kale, asonkha moto, phala lili pamoto. Asanapakule akhala pa kanjinga kokulungira ulusi, n'kumaukulunga pa timitengo tating'ono timene kumeneko ankatitcha pirn. Kamtengo kameneka kamalowa m'kati mwa shuttle, kathabwa kosongoka uku ndi uku ngati kabwato, kamene kamathamanga pakati pa ulusi wa m'litali kutasenza ulusi wopingasa. Kamtengo kamodzi sikachedwa kutha. Bambo akatambasula dzanja n'kupeza m'dengu mulibe kena, choombera chimaima, ndipo kuima kwa choombera ndiko kugona ndi njala. Ndiye mayi, agogo, ndi ana a zaka 6 kapena 7 ankakhalira kukulunga, ndipo akakulunga mothina kwambiri kapena molobodoka, ulusi unkaduka kapena kukolana m'kati mwa nsalu.

Bambo nawo sankangowomba. Pakapita nthawi ankaima n'kupaka ulusi wa m'litali phala la ufa ndi madzi, pogwiritsa ntchito maburashi awiri, kuti ulimbe ndi kusalala. Akatero ankaukupiza ndi phiko la tsekwe kuti uume, n'kudutsitsapo mafuta pang'ono. Ulusi ukaduka ankaumanga kamfundo kakang'ono kosaoneka. Ntchito zonsezi sizinkawerengedwa pamalipiro. Ankalipidwa pa utali wa nsalu yomalizidwa basi.

Pa nsalu zamaluwa panalinso mwana wina, wokoka zingwe, amene ankaima pambali pa choombera kukoka zingwe zokweza ulusi motsatira maluwawo. Ankayamba asanakwane zaka 10, ndipo ankagwira maola onse amene mbuye wake akugwira. Ntchito imeneyi inadzatha pamene makina a Jacquard, oyendera timakadi toboola, anafalikira kuyambira cha m'ma 1820.

Atsikana ambiri a ku Ayrshire ndi madera oyandikana ankapeta maluwa oyera pansalu yopyapyala ya thonje, nsaluyo itakungidwa pa kamkombero kathabwa. Inali ntchito yopha maso, koma ndalama yake ndiyo inkalipira lendi nthawi zambiri. Malipiro a owomba atayamba kugwa, akazi ndi atsikana nawonso anakwera pa choombera, moti nyumba imodzi inkakhala ndi zoombera ziwiri, zinayi, ngakhale zisanu ndi chimodzi, zina za ana, zina za ophunzira ntchito amene ankadya ndi kugona pomwepo. Ine ndikamawerenga mabuku akale amene amangoti "wowomba nsalu ndi mkazi wake", mtima umandipweteka, chifukwa mkaziyo akanapanda kukhala pa kanjinga kaja sipakanatuluka ngakhale mkono umodzi wa nsalu.

Ulusi unkachokera kuti?

M'masiku a bafuta unkachokera m'munda wapafupi. Fulakesi ndi chomera chachitali, chowonda, cha maluwa obiriwira ngati thambo. Sachimweta, amachizula ndi mizu yomwe. Akazula ankachiviika m'maenje a madzi kwa sabata imodzi kapena iwiri kuti khungwa liwole, ndipo fungo lake linali loipa kwambiri, madziwo akalowa mumtsinje ankapha nsomba. Kenako kuyanika, kupuntha kuti zikhutu zichoke, n'kupesa pa zisa za misomali yachitsulo mpaka luzi lake litasalala ngati tsitsi. Kupota inali ntchito ya akazi, ndipo pankafunika akazi angapo kuti akwanitse ulusi wa wowomba mmodzi.

Nsalu ikatuluka pa choombera inali yotuwa. Kuti iyere ankaiviika m'madzi aphulusa ndi mumkaka wosasa, n'kuiyala paudzu kuti iwombedwe dzuwa, mobwerezabwereza, kwa miyezi. Amene anafupikitsa ntchito imeneyi ndi Charles Tennant, yemwe anaphunzira kuwomba ku Kilbarchan asanatsegule malo ake oyeretsera nsalu ku Darnley. Mu 1799 analembetsa ufa woyeretsera nsalu umene unasandutsa ntchito ya miyezi kukhala ya masiku ochepa.

Thonje litabwera zinthu zinasintha. Mafakitale oyendera madzi, monga la New Lanark limene David Dale anayambitsa mu 1785, anayamba kutulutsa ulusi wambirimbiri wotsika mtengo. Akazi a kumidzi anataya ntchito yopota. Koma amuna owomba anasowa kwambiri, poti ulusi unachuluka kuposa manja ouwomba.

Nsaluyo ankagulitsa kwa yani?

Panali njira ziwiri. Yakale inali yowombera anthu a m'mudzi momwemo: mayi wa pafamu ankabwera ndi ulusi umene wapota m'nyengo yachisanu, wowomba n'kumupangira mabulangete, nsalu zoyala pabedi kapena ya malaya a abambo, malipiro ake kukhala ndalama, ufa, tchizi kapena mbatatesi. Wowomba wotere anali ngati mmisiri wa m'mudzi, wodziwa makasitomala ake ndi maina.

Njira yachiwiri ndiyo inadzameza pafupifupi onse. Wamalonda wa ku Glasgow, Paisley kapena Dundee ankatumiza ulusi kumudzi pangolo kudzera mwa ajenti wake. Wowomba ankaulandira utayezedwa pasikelo, n'kubweza nsalu, ndipo ajentiyo ankaiyang'ana kufuna cholakwika. Kadontho ka mafuta, kamfundo kooneka, kuchedwa ndi tsiku limodzi, zonsezo ankadulirapo ndalama. Ku Paisley ndi midzi yozungulira, bwana wotere ankamutcha cork. Choombera chinali chako, nyumba yako, nyale yako, koma ulusi ndi msika zinali za mwini, ndipo mtengo ankadula ndi iye.

Chitsanzo chimene chimakumbukiridwabe ndi cha ulusi wotchedwa sma' shot. Unali ulusi wopyapyala wa thonje womanga pamodzi ulusi wamitundumitundu wa mashawelo a ku Paisley. Popanda iwo shawelo ingamasuke, koma poti suoneka m'nsalu yomalizidwa, mabwana ankakana kuulipira, owomba n'kumaugula ndi ndalama ya m'thumba mwawo. Mkanganowo unatha mu 1856 mabwana atagonja, ndipo mpaka lero Loweruka loyamba la July anthu a ku Paisley amachita chikondwerero chake, n'kuwotcha chidole choimira cork.

Boma nalo linalowererapo. Kuyambira mu 1727 mpaka 1823 nsalu ya bafuta yogulitsa inkayenera kuyesedwa ndi kudindidwa chidindo ndi munthu wosankhidwa. Ndipo pali chinthu chimodzi chosayenera kuchibisa. Nsalu yokhakhala yotchedwa osnaburg, imene midzi ya ku Angus monga Forfar ndi Kirriemuir inkawomba yochuluka, yambiri inkapita ku West Indies ndi ku America kukavekedwa akapolo ochokera ku Africa. Thonje limene anzawo a kumadzulo ankawomba linali lolimidwanso ndi akapolo omwewo. Banja losauka la ku Angus linkadya phala lake kudzera mumsika umenewo.

Ankadya chiyani? Kodi ankalimanso?

Chakudya chachikulu chinali ufa wa oats, mbewu ya mtundu wa tirigu: phala lolimba m'mawa ndi madzulo, lothira mchere ndi mkaka wosasa, ndi timikate touma totcha pachiwaya. Masana mbatatesi, msuzi wa barele ndi masamba otchedwa kail, ofanana ndi repu, ndi nsomba za herring zamchere. Nyama inali ya mwa apo ndi apo.

Ubwino wa wowomba wa kumudzi poyerekeza ndi mnzake wa m'tauni unali kuseri kwa nyumba. Kunkakhala kadimba ka masamba ndi mbatatesi, khola la nkhumba imodzi yophedwa chisanu chikayandikira, nkhuku, ndipo ena anali ndi ng'ombe yamkaka. Ena ankapatsidwa mizere ingapo m'munda wa mlimi kuti abzale mbatatesi, iwo n'kubweza ndi manyowa kapena ndi ntchito. Nthawi yokolola zoombera zambiri zinkakhala chete, banja lonse lili kuganyu yomweta ndi zikwakwa m'mafamu. M'zaka zoipa kadimba kaja ndiko kankasiyanitsa banja losauka ndi banja lofa ndi njala, ndipo matenda a mbatatesi atabuka mu 1845 ndi 1846 chitetezo chimenecho chinagwedezeka.

Akuti anali anthu owerenga kwambiri. Nzoona?

Nzoona ndithu, makamaka mbadwo wa kumapeto kwa zaka za m'ma 1700. Lamulo la 1696 linkafuna kuti parishi iliyonse ikhale ndi sukulu, ndipo mpingo unkafuna munthu aliyense azitha kudziwerengera Baibulo. Ntchito yawonso inkalola: manja ndi mapazi zikazolowera, munthu ankatha kutsamiritsa buku patsogolo pake n'kumawerenga akuwomba. Ankasonkherana kugula nyuzipepala imodzi, wina n'kumawerengera anzake mokweza. Ankatsutsana za ulaliki wa Lamulungu sabata yonse, ndipo ambiri anali m'mipingo yopatuka ku Church of Scotland chifukwa chokana kuti mwini malo ndiye aziwasankhira m'busa. Panali olemba ndakatulo, oweta mbalame zoimba, okonda maluwa. Madzulo bambo ankatsogolera mapemphero a banja ndi kuimba masalimo, ndipo Lamulungu choombera sichinkakhudzidwa.

Chomvetsa chisoni n'chakuti maphunziro amenewa anabwerera m'mbuyo. Malipiro atagwa, ana ankachotsedwa kusukulu kuti azikulunga ulusi, moti agogo odziwa kulemba ankaona zidzukulu zosadziwa.

Ankathandizana bwanji?

Mutu umodzi susenza denga, ndipo iwo ankadziwa zimenezi. Pa 14 March 1761 owomba a ku Fenwick ku Ayrshire anasainirana pangano loti aziwomba mokhulupirika, azilipiritsa mtengo umodzi, ndipo azisonkha kandalama kothandizira osauka. Mu 1769 anayamba kugula ufa wa oats wambiri nthawi imodzi n'kumagulitsana motsika mtengo. Ambiri amawatenga ngati amodzi mwa oyambitsa makopaletivi, zaka 75 isanabadwe kopaletivi yotchuka ya ku Rochdale ya 1844. Mu 1808 anakhazikitsa laibulale. Ku Larkhall owomba ankasonkherana ndalama zomangira nyumba, mmodzi pambuyo pa mnzake, moti ambiri ankakhala m'nyumba zawozawo. Magulu othandiza pamatenda ndi pamaliro anali pafupifupi mudzi uliwonse.

Ndiye anali olemera kapena osauka?

Zimatengera chaka chimene mukufunsa. Cha m'ma 1790 wowomba waluso wa nsalu zopyapyala ankatha kupeza masheleni oposa 20 pasabata, ndalama yoposa ya amisiri ambiri. Ankavala bwino, anali ndi wotchi yapakhoma ndi mabuku, ndipo sankagwira sabata yonse. Pofika m'ma 1830 ambiri ankapeza masheleni 5 kapena 6, atagwira maola 13 kapena 14 patsiku.

Anthu amafulumira kunena kuti anawapha ndi makina. Makina anadzamalizitsa, koma kugwa kunayamba makina owomba asanafalikire. Nsalu wamba ya thonje inali yosavuta kuphunzira, miyezi yochepa basi, ndipo panalibe woletsa munthu kulowa ntchitoyo. Analowamo alimi ochotsedwa m'minda, anthu otsika kumapiri a kumpoto, obwera kuchokera ku Ireland, ndi asilikali obwerera kunkhondo itatha mu 1815. Manja atachuluka, amalonda ankatsitsa mtengo, ndipo mtengo ukatsika banja lililonse linkawonjezera maola ndi kukweza ana pa choombera, nsalu n'kuchulukirachulukira, mtengo n'kutsikanso. Malamulo a 1815 oteteza mtengo wa tirigu anakwezanso chakudya. Kuwonjezera apo, lamulo la ku Scotland silinkapereka thandizo kwa munthu wathanzi amene wangosowa ntchito. Aphungu a ku London anafufuza nkhaniyi mu 1834 ndi 1835, bungwe lina la boma linafufuzanso kuyambira 1837 mpaka 1841, koma palibe anawaikira malipiro osatsikirapo amene ankapempha. Malangizo amene analandira anali oti asiye ntchitoyo ndipo asaphunzitse ana awo.

Sanalimbane nazo?

Analimbana nazo, ndipo magazi anakhetsedwa. Mu 1787 owomba a ku Calton, kamudzi kamene kanali kunja kwa Glasgow nthawi imeneyo, ananyanyala ntchito pokana kutsitsidwa kwa malipiro. Pa 3 September asilikali anawombera, ndipo anthu 6 anafa. Mmodzi mwa atsogoleri, James Granger, anakwapulidwa m'misewu ya Edinburgh n'kuthamangitsidwa m'dziko kwa zaka 7.

Mu 1812 anayesa njira ya khothi. Anapambana: oweruza anavomereza mndandanda wa malipiro oyenera. Mabwana anangoukana. Owomba pafupifupi 40,000 anaimitsa zoombera kwa masabata ngati 9, mwabata, koma omangidwa anali atsogoleri awo, osati mabwana onyoza chigamulo.

Zitafika pa mwana wakana phala, ena anatenga zida mu April 1820. Kagulu kakang'ono kanagonjetsedwa ndi asilikali apakavalo ku Bonnymuir. James Wilson wa ku Strathaven, bambo wachikulire, anapachikidwa ku Glasgow pa 30 August, ndipo John Baird ndi Andrew Hardie anapachikidwa ku Stirling pa 8 September. Onse atatu anali owomba. Ena anatumizidwa ku Australia.

Mabanjawo anathera kuti?

Ena anawoloka nyanja. Mu 1820 ndi 1821 magulu a owomba a ku Glasgow ndi Lanarkshire anathandizidwa ndi boma kupita ku Canada, kumene banja lililonse linapatsidwa maekala 100 a nkhalango, anthu amene ambiri a iwo anali asanagwetsepo mtengo. Derali limatchedwa Lanark County. Andrew Carnegie anabadwa mu 1835 ku Dunfermline m'kanyumba ka wowomba, choombera chili pansi, banja likugona m'chipinda chapamwamba. Ntchito ya bambo ake itatha, mayi ake ndiwo anagwira banja ndi kagolosale ndi kusoka nsapato, mpaka onse anasamukira ku Pennsylvania mu 1848. Ana a ena analowa m'migodi ya malasha, m'mafakitale a zitsulo ndi panjanji, atsikana m'mafakitale a nsalu. Ku Darvel ndi Newmilns anthu anapulumukira pa makina owombera lesi, nsalu yamaluwa yokhala ndi timabowo, amene Alexander Morton anabweretsa cha m'ma 1875. Okalamba ambiri sanasunthe. Anapitiriza kuwomba nsalu zapadera, monga za silika ndi za tartan, nsalu ya mizere yamitundumitundu yopingasana, mpaka imfa.

Nanga kuzilumba zinali chimodzimodzi?

Ayi. Ku zilumba za Outer Hebrides, kumene amalankhula Chigaeliki, nsalu inali ya ubweya, yovala okha, ndipo kale owomba ambiri anali akazi pamene amuna ali kunyanja kapena kumunda. Utoto ankautenga ku ndere za pamiyala zotchedwa crotal. Nsalu ikachoka pa choombera ankaiviika mumkodzo wosungidwa, ndiye akazi ankakhala mozungulira thabwa lalitali n'kumaipuntha ndi manja, kupatsirana, kuti ifupike ndi kukhuthala. Ankachita zimenezi akuimba, mmodzi kutsogolera enawo kuvomera, ndipo aliyense amene anamvapo nyimbo zapamtondo angazindikire msanga chimene chinkachitika pathabwapo. Cha m'ma 1840 Lady Dunmore anayamba kuitsatsa nsaluyi kwa anthu olemera, n'kukhala Harris Tweed. Lamulo la 1993 limanena kuti nsalu yotchedwa dzina limeneli iyenera kuwombedwa pamanja ndi anthu a pazilumbazo, kunyumba kwawo.

Kodi nkhaniyi ikutikhudza pati ife?

Livingstone atakwera mtsinje wa Shire mu 1859 anapeza Amang'anja akulima thonje, ndipo m'midzi yambiri amuna anali pantchito yolipota ndi kuwomba nsalu yolimba ya machila. Mwana wa mufakitale ya thonje uja anaona msanga kuti anthuwa ntchito akuidziwa, ndipo maganizo ake oti thonje la kuno lingalowe m'malo mwa thonje la akapolo anakula pamenepo. Luso limenelo linafooka ndi nkhondo za ukapolo, kenako ndi nsalu zamakina zotsika mtengo zochokera kunja. Mishoni ya Blantyre, imene inakhazikitsidwa mu 1876, inatenga dzina la kwawo kwa Livingstone.

Lero munthu angaone kuti zimenezi?

Ku Kilbarchan, pafupi ndi Paisley, kuli kanyumba ka wowomba komangidwa mu 1723, kamene kamasamalidwa ndi National Trust for Scotland. Muli mabedi a kukhoma aja, zipangizo zopotera, ndi choombera chakale chimene amawombapobe nsalu ya tartan, ndipo kuseri kuli dimba. Ku Dunfermline nyumba imene Carnegie anabadwiramo ndi malo osungirako zakale, ndipo ku Blantyre wa ku Scotland mungaone chipinda chimodzi cha ku Shuttle Row mmene banja lonse la a Livingstone linkakhala. Malo ena satsegula chaka chonse, choncho funsani masiku musananyamuke. Mukafika ku Harris kapena ku Lewis, kuzilumba za Outer Hebrides zija, mverani phokoso lochokera m'timashedi ta kuseri kwa nyumba, ndipo wowomba akakulolani kulowa, pemphani akuonetseni mmene amamangira ulusi ukaduka.